Madzi Osamba a Malemu Zuze

Ndiyambe ndi kukuchenjezani: dziko limene ndikambe panoli si lathu lino. Ndikubwereza, si lathu lino. Lili kutali, kuseri kwa mapiri kumene ngakhale basi sifika, ndipo ine sindinapondeko phazi. Ndinangomva kwa munthu, munthuyonso anamwalira. Wina akadzakufunsani kuti mwazimva kuti, mudzati munazitola mumsewu.

Dzikolo dzina lake ndi Tsekapakamwa. Mfumu yake, Mwambamwamba Wachinayi, imakhala pamwamba pa phiri. Nduna zake zimakhala m'munsi mwake pang'ono, ndipo anthu wamba amakhala kuchigwa, kumene zonse zochokera kumtunda zimathera. Mtsinje ulipo umodzi wokha, wotchedwa Landirani. Umatumphuka kuseri kwa nyumba ya Mfumu n'kutsetsereka mpaka pa dooko la mudzi wa Zikomo, pamene amayi amatunga madzi.

Tsono mwambo waukulu wa ku Tsekapakamwa ndi uwu: Mfumu sipita kuthengo. Musaseke, alipo anaseka. Kudya imadya, imadya ndithu, nkhuku, mbuzi, mpunga wa mafuta, koma zimene yadyazo sizituluka ayi. Zimasanduka nzeru. Ana amauzidwa zimenezi asanamere mano. Ndipo pali lamulo lakale loti wonena zosiyana ndi pamenepa, kaya wanena ataledzera, kaya akutsutsa, kaya akungobwereza za mnzake, amumange pomwepo mawu asanaume.

Mafumu akale anali ndi kanyumba kuseri kwa mpanda, kotchedwa Nyumba ya Malingaliro. M'mawa uliwonse Mfumu inkalowamo kukalingalira za anthu ake, ndipo inkatulukamo nkhope itapepuka. Pansi pa kanyumbako panali dzenje lakuya, malingalirowo ankatsala momwemo osavuta munthu. Ine ndimati mafumu akalewo anali achifundo.

Koma Mwambamwamba Wachinayi anayenda maiko. Anabwerako ndi mpando woyera wonyezimira, wolingalirapo utakhala, wokhala ndi kachingwe. Ukakoka kachingweko madzi amabwera ndi mkokomo n'kukokolola zonse. Dzenje analikwirira. Anagulanso mipando ina makumi anayi ya nduna, poti nazonso zimalingalira, ndipo yonse anailumikiza ku paipi imodzi, moti panalibe amene akanatha kusiyanitsa kuti izi ndi za nduna, izi ndi za Mfumu. Funso linatsala limodzi: paipiyo ithere kuti?

Anaimirira m'bwalo a Gwadani, Nduna ya Ulemu wa Mfumu, munthu amene mawondo ake anachita zipsera chifukwa cha ntchito.

"Chalo! Kwa zaka mazanamazana malingaliro a mafumu akhala akuwolera m'dzenje, anthu osapindula nawo kanthu. Lero titsekule njira. Paipi ithere mu Landirani, kuti ngakhale nkhalamba ya ku Zikomo imwe nawo nzeru za Mfumu yake!"

Anawomba m'manja mpaka manja kutupa. Tsiku lotsekulira paipi kunali magule, amayi anavina atavala nsalu ya nkhope ya Mfumu. A Gwadani anatunga kapu yoyamba kukamwa kwa paipi, anaikweza m'mwamba kuti onse aione, n'kupatsa mlembi wawo kuti amwe.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yambiri. Patapita mwezi ndi theka, anthu a ku Zikomo anayamba kufooka. Munthu ankangodana ndi chakudya, nseru, kusanza, mkodzo kuda ngati tiyi wopanda mkaka, kenako maso kuchita chikasu ngati papaya lakupsa. Amuna ambiri ankagona milungu itatu n'kudzuka. Koma amayi oyembekezera, abale inu, makamaka amene mimba yakula, ankapita ngati nkhuku za chitopa. Ankayamba ndi kubwebweta, kenako tulo tosadzutsika, basi. Maliro amodzi, anthu awiri.

Pa msika wa Nong'onani anthu ankagulitsana malonda akuyang'anana m'maso, koma osati chifukwa cha chikondi.

"Nzeru zafika," anatero Nasiwelo, mayi wogulitsa tomato, akuloza ndi mlomo bambo wina amene ankadutsa atagwira pamimba. "Onani zawadzaza mpaka zatulukira m'maso."

"Nanga bwanji zikupha amayi apakati?" anafunsa wogulitsa makala.

"Mwana wam'mimba sanayambe sukulu, achimwene. Nzeru za Mfumu zimamulemera."

Anaseka chapansipansi, aliyense akucheuka kumbuyo. Inunso muzitero. Mukaseka, muzicheuka.

Kumtunda nduna zinakhala pansi masiku anayi kukambirana za nthendayi. Ina inati anthu a ku Zikomo amayang'anitsitsa dzuwa chifukwa cha ulesi. Ina inati ndi nsanje, poti nsanje imaoneka m'maso. Nduna yolandira alendo inapempha kuti odwala onse azivala magalasi akuda alendo akamadutsa, ndipo ganizo limeneli analikonda kwambiri.

Tsiku lachisanu kunakwera mayi wa zaumoyo, mayi Chimwaza, amene ankayeza amayi ku sikelo. Mayi amenewa anaphunzira kwambiri, ndipo n'chimene chinawapweteka. Anagwada m'bwalo atagwira botolo la madzi a pa dooko.

"Chalo, nthendayi ili ndi dzina lake lachizungu, koma ndi ya chiwindi. Imayenda m'madzi akumwa amene mwalowa zonyansa za munthu. Mankhwala ochiza tilibe. Chopulumutsa anthu n'chakuti paipi ichoke mumtsinje, ndipo podikira zimenezo aliyense aziwiritsa madzi asanamwe."

Mfumu sinayankhe, Mfumu siyankha munthu wogwada patali. Anayankha ndi a Gwadani.

"Mayi, tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Kumtunda kwa dooko kuli mudzi?"

"Kulibe, bwana."

"Kuli chimbudzi cha munthu wamba?"

"Kulibe."

"Cholowa mumtsinje n'chiyani?"

"Paipi."

"Eya. Ndiye zonyansa mukunenazo ndi za yani, mayi? Tchulani, tonse tikumva."

Mayi Chimwaza anayang'ana botolo lawo, anayang'ana asilikali a pakhomo, n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneko ndiko kunawapulumutsa. Anangowakweza paudindo n'kuwatumiza kumalire kukayang'anira zaumoyo wa abulu.

Mawa lake analengeza lamulo pa msika ndi chimkuzamawu. Poti Mfumu sipita kuthengo, madzi a Landirani ndi abwino. Poti ndi abwino, wowawiritsa akunena ndi moto zimene akuopa kunena ndi pakamwa. Choncho kuwiritsa madzi akumwa kwaletsedwa. Madzi otentha aloledwa pa zinthu zitatu zokha: tiyi, kusosola nkhuku, ndi kusamba kwa bambo wa pakhomo. Phala ndi ndiwo analoleza, koma ludzu silimva phala. Anakhazikitsanso gulu la Alonda a Mafuwa, loyenda khomo ndi khomo kuvundukula miphika.

Mlungu umenewo aliyense anakonda tiyi. Masamba anatha m'magolosale onse, ndipo Mfumu inayamikira anthu ake chifukwa chotukuka. Anthu anatembenukira ku nkhuku. Koma mlonda ankafuna kuiona nkhukuyo, ndipo akaiona ankainyamula ngati umboni. Kunatsala kusamba. Apanso alonda anali akhama: mlonda ankaima pakhomo pa bafa mpaka bambo atsirize ndowa yonse, n'kusuzumiramo kuti mwaumadi. Amuna a ku Zikomo anali asanayerepo chotero chibadwire.

"Mwamuna wamoyo ndi chitayiko cha madzi," anadandaula Nasiwelo pa msika. Mwana wake Teleziya anali woyembekezera, ndipo mayiyo ankati akuseka, maso osaseka. "Anga asamba katatu lero. Akhala ngati mbatata yosenda. Mwana wanga sanalaweko ngakhale dontho."

Tsono ku Zikomo komweko kunali nkhalamba ina, a Nachanza. Si ine, ndanena kale. Anali mayi wamantha, woti akamva njinga yamoto ikubwera amalowetsa mbuzi m'nyumba. M'kalasi sanapondemo. Ankakhala ndi mdzukulu wawo Mwatitha, wamasiye, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wa Mwatitha anapita ku esiteti ya fodya ndipo ankangotumiza moni. A Nachanza anali atamva mawu a mayi Chimwaza ku sikelo asanawasamutse, ndipo anawasunga monga mmene amasungira mbewu. Mfumu ankaiopa, inde. Koma mayi ake a Mwatitha anali atawaika kale m'manda ndi manja awo, ndipo mantha awiri akakumana panjira, aang'ono amapatuka.

M'mawa uliwonse ankamukokera Mwatitha padzuwa n'kumutsegula zikope ndi chala.

"Yang'ana kumwamba."

"Agogo, mundiboola maso."

"Bola ndiboole ine. Ndipo usamwe madzi kwa eni, wamva? Ngakhale kwa abusa. Akakupatsa, landira ndi manja awiri, uthokoze, unene kuti mwana wakana."

Masamba atatha, nkhuku zitatha, a Nachanza anatereka mphika waukulu pamoto dzuwa lili pamutu. Pakhomo pa bafa anaikapo ndowa, kasopo ndi thaulo lakale. Sipanatenge nthawi, utsi unaitana mlonda. Anali Fayisoni, bambo wa ndevu zake, amene kale ankasoka nsapato pa msika.

"Odi agogo! Mwaterekanji?"

"Fikani bambo. Ndi madzi osamba."

"Akusamba ndani?"

"Eni khomo lino, a Zuze."

Fayisoni anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Agogo, a Zuze si aja tinaika chaka cha njala chija? Ine ndinakumba nawo manda."

"Ndiye mukuwadziwa. Munthu uja ankadana ndi madzi ozizira. Zaka makumi anayi ndinkawaphitsira. Ndisiye lero chifukwa choti anasamuka?"

"Nanga akasamba, madziwo amatha?"

"Amasiya. Munthu wosawononga uja. Ine ndimangothira otsalawo mumtsuko, kutaya n'kulakwa."

Fayisoni anasuzumira mumtsuko, anayang'ana mimba ya Mwatitha, anayang'ana kumwamba. Sanali munthu woipa. Anthu oopsa si oipa okha ayi, mumvetse zimenezi, ena amangoopa kulakwitsa.

"Agogo, izi zandikulira. Mutu wangawu ndi wa nsapato. Tiyeni kumtunda akamve okha."

Asananyamuke, a Nachanza anamugwira Mwatitha dzanja mpaka kumupweteka.

"Mumtsukomo muli a masiku awiri, atatu ukamamwa ngati mbalame. Akatha ndisanabwere, tafuna nzimbe. Usatereke mphika, angakutenge nawenso. Ku dooko usapite."

"Nanga mukapanda kubwera, agogo?"

"Tafuna nzimbe, ndati."

Anawatsekera masiku atatu podikira woweruza, amene anali ku msonkhano wokambirana za kuchedwa kwa milandu. A Nachanza sanadye. Thupi linali m'chitokosi, mtima unali mumtsuko, ukutsika pamodzi ndi madzi.

Tsiku lachinayi bwalo linadzaza. Woweruza anali bambo Kachigamba, munthu wotopa, amene masiku amenewo ankayenda ndi fulasiki ya tiyi wotuwa kwambiri, woti ukathira m'kapu umaona pansi pa kapuyo. Woneneza anali a Gwadani eni ake.

"Mayi, mukuudziwa mlandu wanu?" anafunsa woweruza.

"Ayi, bwana. Ndinaphitsa madzi, ndiye akuti ndanena mawu. Ine kusukulu sindinapite. Wina andithandize, andiuze mawu ndanenawo, kuti ndisadzanenenso."

Woweruza anayang'ana Fayisoni. Fayisoni anayamba kuyang'ana nsapato za anthu. Mlembi anayamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'dzanja lake.

"Mukudziwa inu!" anakalipa a Gwadani.

"Sindikudziwa, bwana. Kapena ndanena kuti Mfumu ndi yaifupi?"

"Ayi!"

"Kuti ili ndi akazi ambiri?"

"Mayi inu, musatipusitse!"

"Ndiye ndanenanji, mwana wanga? Ndine nkhalamba, ndingafe ndi tchimo losalidziwa. Inu munaphunzira, ndiuzeni."

Kumbuyo wina anaseka n'kusandutsa chifuwa. A Gwadani anatupa ngati finye, misempha ya m'khosi inaima, anamenya tebulo ndi nkhonya.

"Mwanena kuti Mfumu imanyera mumtsinje!"

Amenewo ndi mawu a a Gwadani, si anga, ndipo dziko lake si lino.

M'bwalo ngakhale ntchentche zinatera. Asilikali awiri a pakhomo anayang'anana. Lamulo lakale silisankha mawondo, ndipo mawu anali asanaume. Anawagwira a Gwadani m'khwapa uku ndi uku. Ankakuwa kuti amangobwereza, koma za obwereza lamulo linanena kale.

Bambo Kachigamba anamwa tiyi wawo wotuwa uja nthawi yaitali. Ankadziwa kuti akamasula nkhalambayi ponena kuti madzi ndi oipa, atsatira a Gwadani. Akaimanga, afunika kulemba mlanduwo m'buku ndi dzanja lawo, mawu onse mmene alili, ndipo atsatiranso a Gwadani. Anatsokomola.

"Chaka chilichonse Mfumu imathira mowa pa manda a makolo ake, ndipo makolowo amamwa. Alipo akutsutsa?"

Panalibe.

"Ngati akufa a Mfumu amamwa, bwalo lino silingaletse akufa a anthu wamba kusamba. Ndipo poti kumanda kulibe bambo kapena mayi, onse ndi makolo, wakufa aliyense wa pakhomo aziphitsiridwa madzi. Mlonda asaimirire wakufa posamba, n'zolaula zimenezo. Mayi, pitani. A Zuze akudikira."

A Nachanza sanathokoze n'komwe. Anatsetsereka phiri ngati mtsikana, atagwira chitenje m'manja. Anapeza Mwatitha atakhala pakhonde, milomo itang'ambika, makoko a nzimbe ali mbwee pabwalo, mtsuko utauma kuyambira dzulo lake.

"Unamwa?"

"Ayi, agogo."

"Usandinamize iwe. Unamwa?"

"Anthu anandibweretsera. Ndinati mwana wakana."

Anamukokera padzuwa, anamutsegula zikope. Munali moyera. Koma sanasangalale msanga, poti mayi Chimwaza ananena kuti nthendayi imabisala m'thupi ngakhale miyezi iwiri isanaonekere. Anangotereka mphika, n'kukhala pambali pake mpaka unabwata, akuunong'oneza kuti ufulumire.

Mlungu umenewo akufa onse a ku Zikomo anayamba kusamba. Khomo lililonse kunkafuka utsi. Pa msika moni anasintha.

"Kwanu akusamba ndani, asisi?"

"Amalume, aja anagwidwa ndi ng'ona."

"Iwo aja sanakhute madzi?"

Amene analibe wakufa wapafupi ankabwereka kwa anzawo. Ena anakumbukira azigogo amene anali asanawatchule zaka makumi atatu. Alonda a Mafuwa ankafika pakhomo, kuona thaulo pa bafa, n'kuvula chipewa. Patapita miyezi iwiri maliro anachepa, ndipo Mfumu inalengeza kuti nthenda yagonja chifukwa anthu amvera malangizo ake olemekeza makolo. Pokondwerera inalamula kuti aike paipi yachiwiri, yokulirapo. Madzi saiwala khwawa, ana inu. Mukadzaona akumtunda akukondwerera, yang'anani nkhuni zanu ngati zilipo zokwana.

Mwatitha anachira kutayamba kuzizira. Anali mwana wamkazi, wolira ngati wabwera ndi mlandu, maso oyera ngati mkaka. Koma kwa Teleziya chigamulo chija chinafika atamwa kale. Anadwala patangopita milungu iwiri, ndipo anapita mwana ali m'mimba.

Tsiku lotulutsa khanda m'chikuta, amayi anabwera ndi mphatso, wina sopo, wina ufa, wina kansalu. Nasiwelo anafika pomaliza, atawonda, mutu wometa, atasenza ndowa yovundikira bwino ndi nsalu yoyera. Pa msika anali atasiya nthabwala. Anatula ndowayo pakhonde, ananyamula khandalo, n'kuliyang'anitsitsa m'maso nthawi yaitali.

"Mwavutikiranji, anzanga?" anatero a Nachanza. "A Zuze asamba kale m'mawa, madzi tili nawo."

"Tengani basi," anayankha Nasiwelo, osachotsa maso pa mwanayo. "Kwathunso tsopano tili naye wosamba. Ndimamuphitsira ndowa ziwiri, poti anapita ali awiri. Iyi ndi ya mwana, sanaikhudze n'komwe. Mwatitha azimwa, mkaka utuluke."